Mwana wanga akuopa kupereka zifukwa m'kalata yantchito, ndimuthandize bwanji?

Abale m'gulu muno, makamaka inu aphunzitsi, ndigawireniko nzeru. Ndine mayi wa ku Bembeke kuno ku Dedza. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 7, chaka chamawa mayeso a MANEB akumudikira.

Kayalidwe ka kalata yantchito akukadziwa ndithu: makeyala awiri, tsiku, malonje, mutu, mpaka posainira. Vuto lili m'thunthu.

Sabata yatha aphunzitsi anawapatsa ntchito yolembera khansala kupempha kuti mjigo wapasukulu ukonzedwe. M'ndime zonse zitatu iye anangodzazamo "chonde tithandizeni, tikuvutika kwambiri." Sanatchule kuti mjigowo unafa liti, kapena kuti ana akutunga kuti madzi. Chonsecho mwana yemweyu pakhomo amandifotokozera bwinobwino momwe atsikana amaphonyera phunziro loyamba ali kudambo ndi ndowa, ndi momwe chimbudzi chimakhalira popanda madzi osamba m'manja. Pakamwa zimatuluka, papepala ayi.

Nditamufunsa anati, "Amayi, ndikalemba zonsezo aziti ndikuwaphunzitsa ntchito akuluakulu." Mawu amenewa andisowetsa tulo, chifukwa ndine ndemwe ndinamulera kuti wamkulu sabwezeredwa mawu. Ulemuwo sindikufuna autaye. Koma mawa adzafunika kulemba kalata yopempha ntchito kapena thandizo la fizi, adzangoti chonde chonde basi? Inu mumawaphunzitsa bwanji kuti anene mfundo zolimba koma mwaulemu?

Mphunzitsi wa ku Lizulu: Mayi, asanagwire cholembera, khalani inu khansala, iye akuuzeni pakamwa. Akanena chilichonse mufunseni kuti "ndiye?" mpaka atulutse chifukwa chenicheni. Kenako ndime yoyamba anene vuto ndi pamene linayamba, yachiwiri zomwe likuwononga, yomaliza chomwe akupempha, chimodzi chokha. "Chonde" alembe kamodzi.

Bambo wa ku Mayani: Muuzeni kuti ngakhale pabwalo la amfumu munthu amayamba wawomba m'manja, kenako nkhani amaifotokoza yonse. Malonje ndiwo kuwomba m'manjako. Atchulenso zomwe makolo achita kale, kaya kusonkha ndalama yogulira zipangizo za mjigo. Wolandira kalata amamasuka akaona kuti eni ake sanangokhala.

Yankho la mayi: Zikomo nonse. Za "ndiye?" tiyesa madzulo ano tikamasenda mbatata. Aphunzitsi, nanga manambala, monga kuchuluka kwa ana apasukulu, ndi ololedwa m'kalata ya mayeso, kapena amaoneka ngati mwana wangopeka?