Thanki yomwetsera ziweto ikudontha potulutsira madzi, ndikufuna kuikamo nsomba za mbuna

WaMbuna analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi thanki yakuda yapulasitiki, zija amamwetsera ng'ombe ku America, ya magaloni 100, omwe ndi malita pafupifupi 380. Ndikufuna kusungiramo mbuna. Pansi m'mbali pali potulutsira madzi, ndipo ndalumikizapo paipi ya PVC ndi valavu. Thanki ikadzaza pamayamba kudontha, dontho limodzi pa masekondi 10 alionse. Ndamanga nati ndi sipanala, sizikusintha. Kodi ndingomata silikoni kuzungulira ponsepo?

Plambala_Wakale analemba:

Achimwene, silikoniyo musungireni mawindo. Mathanki amenewa amapangidwa ndi polyethylene, pulasitiki yoterera yomwe silikoni sagwirako. Tsiku loyamba zimaoneka ngati wagwira, koma pakapita masabata angapo amasendeka ngati khungu la njoka, madzi n'kuyambanso kudutsa kunsi kwake.

Yambani mwadziwa kumene madziwo akuchokera, chifukwa malo ake ndi awiri. Pukutani ponse paume, kulungani pepala la tishu kuseri kwa nati pokhudzana ndi khoma la thanki, lina mulikulunge pamene paipi yalowa. Lomwe linyowe poyamba ndilo likuuzeni. Likanyowa la kukhoma, vuto ndi gasiketi, mphete ya labala yotchinga madzi. Likanyowa linalo, ndi mazinga, timano tozungulira tomangirapo nati ndi paipi.

Ngati ndi gasiketi, tsitsani madzi afike kunsi kwa bowo, mumasule zonse. Chitsekero cha pa bowocho, chomwe ena amati bulkhead ena tank connector, chili ndi mutu wophwatalala mbali imodzi ndi nati mbali inayo. Gasiketi imakhala ku mutu wophwatalalawo nthawi zonse, kaya mutuwo uli m'madzi kaya uli kunja. Mukaiika ku nati, madzi amalowa kunsi kwa mutu, n'kutsata mazinga mpaka kunja osakumana ndi labala. Komanso nati ikamazungulira imapotokola labalayo. Ambiri amalakwa pomwepa.

Yendetsani chala kuzungulira bowo. Kamchenga kamodzi kapena kachibenthu ka pulasitiki kotsalira m'mphepete n'kokwanira kudonthetsa. Palani ndi mpeni, salazani ndi sandipepa wosalala, tsukani. Gasiketi ikakhala yophwanyika, youma kapena yang'alukang'aluka, gulani ina ya labala wa EPDM. Iikeni youma, osapaka silikoni kapena girizi, apo ayi imaterera n'kutuluka m'mbali pomanga. Nati mangani ndi dzanja mpaka italimba, kenako sipanala ingozungulira kota imodzi, basi. Poti mwanena kuti mwamanga kale ndi sipanala, yang'anitsitsani mutuwo pa dzuwa: mng'alu wowonda ngati tsitsi ukakhalapo, chitsekerocho chatha ntchito.

MayiWaNsomba analemba:

A Plambala anena zoona, koma ine ndikukayikira mazinga. Thankiyo ngati ndi ya ku America, mazinga ake ndi a muyezo wa ku America wotchedwa NPT, pamene zolumikizira zambiri zogulitsidwa ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain ndi za muyezo wa ku Britain wotchedwa BSP. Ndi maso simungasiyanitse. Mano a NPT amapendekeka madigiri 60, a BSP madigiri 55. Kuyambira saizi ya inchi imodzi mpaka mainchi awiri, NPT ili ndi mano 11.5 pa inchi, BSP ili ndi 11. Ndiye cholumikizira chimalowa bwinobwino mizungulo iwiri kapena itatu, kenako chimauma, munthu n'kumati chagwira, chikhalirecho mano akungodyana.

Mazinga akakhala amtundu umodzi, thread tape, tepi wokulunga pa mazinga, amakwana: mizungulo 3 mpaka 5, kukulunga motsata kumene cholumikizira chimalowera kuti asamasuke pomanga. Musaunjike wambiri, amang'amba pulasitiki ya cholumikizira chachikazi, chomwe chinzake chimalowamo. Koma akakhala osiyana, tepi amangochedwetsa vuto. Pezani adaputa ya NPT kupita ku BSP, kapena chotsani chitsekero chonse muike china chogwirizana ndi mapaipi anu.

Chinanso, bambo: paipi ndi valavu zapachikika pa chiyani? Madzi akuya masentimita 60 alibe mphamvu yoopsa, ndi pafupifupi 0.06 bar chabe (bar ndi muyezo wa kukankha kwa madzi). Chimene chimatsegula gasiketi kawirikawiri ndi kulemera kwa paipi yolendewera, kapena dzanja lanu pokhotetsa valavu yolimba. Ikani njerwa kapena thabwa kunsi kwa valavu.

WaMbuna analemba:

Zikomo nonse. Tishu wanyowa mbali zonse ziwiri, ndipo mutu uli ndi kamng'alu. Ndigule chotani, nanga bowo likachepa?

Plambala_Wakale analemba:

Gulani cha pulasitiki yokhayokha, PVC kapena ABS. Za mkuwa zija amaika pa mathanki a madzi a m'nyumba ayi: mkuwa umasungunukira m'madzi pang'onopang'ono, umapha nkhono ndi nkhanu, nsomba nazonso umazifooketsa. Zachitsulo zopaka zinki chimodzimodzi.

Yezani bowo lomwe lilipo, muyezenso malo osalala ozungulira bowolo, mkati ndi kunja. Mathanki awa amakhala ndi nthiti ndi makona pafupi, ndiye mutu kapena nati yaikulu ikakwera pa nthiti gasiketi sikhala pansi. Bulkhead wamba ya ABS ya inchi imodzi imafuna bowo la mamilimita 45, ya inchi imodzi ndi theka la mamilimita 60. Zitsekero zokhuthala, za muyezo wotchedwa Schedule 80, zimafuna lokulirapo, choncho gulani kaye chitsekero, kuboola pambuyo.

Kukulitsa bowo lakale n'kovuta chifukwa kamsomali ka pakati pa hole saw, sowo yozungulira yoboolera mabowo aakulu, kalibe pogwira. Boolani kaye kachidutswa ka pulayiwudi ndi hole saw yomweyo, mukapanikize pa khoma la thanki pamwamba pa bowo lakale, kakhale kolondolera. Makina aziyenda pang'onopang'ono, pulasitiki ikatentha imasungunuka.

Dziwaninso kuti zitsekero zina zolimba za mathanki zili ndi nati ya mazinga akumanzere, anachita dala kuti isamasuke pomanga paipi. Onani kamuvi kojambulidwa pa natiyo musanalimbane nayo.

Chisawasawa analemba:

Malo osalala akachepa, pali Uniseal, mphete ya labala yomwe mumaikankhira m'bowo, paipi n'kulowa pakati pake mothina. Imagwira ngakhale pa khoma lopindika. Ya paipi ya inchi imodzi imafuna bowo la inchi 1.75, lozungulira bwino, lopanda mabala. Songolani pang'ono nsonga ya paipi, nyowetsani, kankhani. Koma saizi zake zimatsata mapaipi a mainchi a ku America. Paipi ya mamilimita 32 ndi yowondako kuposa ya inchi imodzi, yomwe kunja kwake ndi mamilimita 33.4, ndiye singathine mokwanira.

Ine pa bowo la pansi chonchi ndimakondabe bulkhead, chifukwa paipi ikasololoka pa Uniseal thanki yonse imakhuthuka. Mulimonsemo, dzazani mpaka pamwamba, yalani nyuzipepala youma pansi, dikirani maola 48 musanaike miyala ndi nsomba. Miyala ya mbuna ndi yolemera, musaitsamiritse pa mutu wa chitsekero.