Odwala a kuchinkhoswe: tilembe kolera kapena ayi?

HSA (mlangizi wa zaumoyo wa m'midzi), Chipoka: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka kunali chinkhoswe m'mudzi wina kuno. Madzulo omwewo ena anayamba kusanza kwambiri, thupi osatentha, mmawa anadzuka ali bwino. Lolemba kwatulukira gulu lina, awa akutsegula m'mimba, thupi likutentha, mwana mmodzi chimbudzi chake chili ndi magazi. Amfumu akuti ndi kolera. Lipoti ndilembe bwanji?

Clinical officer, Khombedza: Achimwene, musawaike m'thumba limodzi. Funsani aliyense nthawi imene anadya ndi imene anayamba kudwala. Osanza Loweruka aja, pasanathe maola 6, si kuti tizilombo tinaswana m'mimba mwawo ayi, anadya poizoni amene mabakiteriya anasiya kale m'chakudya. Mpunga unaphikidwa liti?

HSA, Chipoka: Lachisanu usiku. Unagona m'mabeseni ovindikira, mmawa anangoutenthetsa.

Clinical officer, Khombedza: Ndiye ndikukayikira Bacillus cereus. Njere zake sizifa pophika, mpunga ukamazizira pang'onopang'ono ndi kutentha kwa kunyanjaku zimaphukira, ndipo poizoni wake satha ngakhale muutenthetse. Staphylococcus aureus wochokera pachilonda cha m'manja mwa ophika amachitanso chimodzimodzi.

Wa ku labu, Salima boma: A Lolembawo ndi nkhani ina. Kutentha thupi patapita masiku awiri kukufanana ndi Salmonella wa nkhuku kapena mazira osapsa. Koma dzinalo lisatinamize, mitundu yake imaposa 2,500. Typhi, mtundu woyambitsa typhoid, amakhala mwa anthu okha ndipo amatenga sabata imodzi kufika zitatu, choncho typhoid wa kuchinkhoswe sangaoneke Lolemba. Mtundu wa ST313, umene unafufuzidwa kwambiri ku Blantyre, umathamangira m'magazi, makamaka mwa amene ali ndi HIV ndi ana operewera zakudya kapena amalungo, nthawi zina osatsegula n'komwe. Amenewo atumizeni msanga.

Namwino, Senga Bay: Ine mtima uli pa mwanayo. Kamwazi timathamangira kunena Shigella, pomwe E. coli wina, O157:H7, amatulutsanso magazi ndipo amatha kuwononga impso. E. coli wambiri tili naye m'matumbo tonsefe osadwala, koma ameneyu ndi mmodzi mwa oopsa. Mufunse mayi ake ngati akukodza bwino. Asagule makapisozi pa golosale, abwere naye lero, Thanzi akumwa m'njira.

Wa zaumoyo (EHO): Zonse mwanenazi n'zoona, komabe 2022 ndi 2023 kolera inatisautsa m'mbali mwa nyanja muno, sindingaichotse pongomva pafoni. Alipo wa chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, maso olowa, miyendo ikukokana?

HSA, Chipoka: Palibe, bwana. Ndazungulira nyumba zonse.

Wa zaumoyo (EHO): Lembani kuti matenda ochokera ku chakudya, lipoti lipite kuboma lero. Line list, mndandanda wa odwala, ikhale ndi ola lodwalira komanso zimene aliyense anadya. Klorini agawidwebe, ndipo muone chitsime chimene anatunga madzi ophikira.

Wa ku labu, Salima boma: Chimbudzi mutenge kwa odwala asanamwe mankhwala, muike mu Cary-Blair, kabotolo kosunga mabakiteriya amoyo mpaka kulabu. Cha m'kabotolo wamba chikagona sindipezamo Shigella. Njinga yamoto ikunyamuka nthawi yanji?

HSA, Chipoka: Cha m'ma 2 koloko. Mwanayo ndibwera naye limodzi.