Mbumba ya Anambewe: za nyumba ya agogo mvula isanayambe

Mavuto: Mwaswera bwanji nonse. Amalume, ndakwera kuphiri m'mawa uno monga munanenera. Mng'alu uja uli kumtunda kwa munda wa nandolo wakula. Chaka chatha ndinkalowetsa chala, lero mkono ukulowa mpaka m'chigongono. Ndayenda m'mbali mwake, mapazi 23. Zithunzi ndi izo.

Malume ku Joni: Ndaona mphwanga. Nchifukwa chake ndikunena kuti timange chipupa cha miyala ndi simenti kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndalama ya matumba khumi ndilipo ine, nditumiza pa Mukuru Lachisanu.

Mayi a Tadala: Achimwene dikirani kaye. Tadala waona zithunzizo, akuti ali ndi mawu.

Tadala: Amalume pepani, ndilankhule ngakhale ndili mwana. Chipupa sichingathandize pamalo paja. Mavuto, jambula miyala ikuluikulu ili pabwalo, makamaka uja agogo amayanikapo makaka.

Mavuto: Uwu? Ndi waukulu kuposa khitchini.

Tadala: Womwewo. Mwala umenewo sunamere pamenepo. Funsani agogo kuti unabwera liti.

Mayi a Tadala: Safunika kufunsa, ine ndinalipo. Unabwera ndi Napolo wa mu Malichi 1991, phiri la Michesi litagumuka. Ndinali sitandade 7. Tinamva mkokomo ngati mathiraki ambiri akubwera pamodzi, pamene kulibe msewu kumeneko. Anthu mazanamazana anapita tsiku limenelo kwathu ku Phalombe, ena mpaka lero sanapezeke. Ife tinapulumuka chifukwa matope anapatukira kwa aneba.

Tadala: Ndiye taganizani amalume. Madzi amene ananyamula mwala woposa khitchini, matumba khumi a simenti awaimitsa? Nyumba ya agogo ili pakamwa penipeni pa khwawa. Chilichonse chogumuka kumtunda chimalowa m'khwawamo, chimasakanikirana ndi madzi, mitengo ndi miyala, nkutsika ngati phala lotentha, koma pa liwiro la galimoto. Pomwe khwawa lathera mpomwe chimakhuthukira. Miyala ili pabwaloyo ndi umboni woti njira yake ndi yomweyo.

Malume ku Joni: Komatu namondwe Freddy anadutsa, nyumbayo ili chiimire.

Mayi a Yamikani: Achimwene, za Freddy musandiuze ine. Ku Chilobwe kuno tinkanenanso choncho, kuti phiri la Soche takhala nalo zaka zonsezi silinatipangepo kanthu. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Pa 13 Malichi 2023 ndinaona ndi maso angawa nyumba za anzathu a kwaya zitasanduka bwalo la matope, pamwamba pali poto ndi nsapato imodzi ya mwana. Anyamata akukumba ndi makasu ndi manja. Ku Ntauchira ku Chiradzulu mudzi unakokoloka. Ku Nkhulambe kwathu ku Phalombe munamva. Kuti nyumba ya amayi inatsala si nzeru zathu ayi.

Malume ku Joni: Pepani achemwali, sindimafuna kukukumbutsani.

Bambo a Yamikani: Alamu, ine ndine mkamwini, za malo a mbumba sindilowerera. Koma za zomanga ndiye ntchito yanga. Chipupa chotchinga dothi chimafuna timabowo totulutsa madzi ndi miyala ya kwale kumbuyo kwake. Mukachitseka chonse, madzi amadzadza kuseri, chimagwa chathunthu, ndipo chimagwera nyumba yomwe mumati mukuiteteza. Chimathandiza pa kachitunda kakang'ono ka pakhomo. Phiri ayi.

Mavuto: Palinso china. Kuseri kwa bafa kwayamba kutuluka madzi, pamene sipanakhalepo kasupe. Agogo akusangalala akuti Mulungu wawafupikitsira mjigo 😅

Tadala: Mavuto zimenezo si zoseka. Mwezi uno wa Okutobala, dzuwa lonseli, madzi akutuluka pamalo pachilendo? Ndiye kuti m'kati mwa phirimo madzi asintha njira. Dothi la paphiri ndi lochepa, pansi pake pali thanthwe. Mvula ikalowa pa mng'alu uja imakafika pathanthwe, siingapitirire, imayenda pakati pa dothi ndi mwala. Dothi limalemera, pansi pake pamaterera, kenako limangotsetsereka lonse. Taonani kuti 1991 inali Malichi, Freddy Malichi. Nthaka imakhala itakhuta kale madzi kuyambira Disembala, mvula yomalizayo imangokankha.

Mayi a Tadala: Nanga mitengo ya bulugama ija ili pamwamba pa mng'alu?

Mavuto: Itatu yapendekera kumunsi. Wina mizu ili pamtunda. Komanso chitseko cha kuchipinda kwa agogo chikuvuta kutseka, ndinachipala mwezi watha koma chayambiranso.

Bambo a Yamikani: Chitseko chikamakana kawiri osanyowa, si thabwa limenelo, ndi maziko akusuntha. Ona ngati pakona pa windo pali mng'alu wopita chopingasa.

Mavuto: Ulipo. Agogo anamatapo kalendala.

Malume ku Joni: Eee. Chabwino, ndamva. Ndiye tipange bwanji? Amayi mukuwadziwa. Ndinawaimbira sabata yatha akuti Napolo ali ndi njira yake, akafuna kudutsa amadutsa, ndipo iwo sangasiye manda a amuna awo ndi mitengo ya mango.

Mayi a Tadala: Pamenepo ndiye akunena zoona osadziwa. Ali ndi njira yake, ndipo nyumba yawo ili panjirapo. Akuluakulu ankanenanso za Napolo wa ku Zomba wa mu 1946, kuti anatsata makwawa. Tisakangane nawo zoti ndi njoka kapena si njoka. Tingowauza kuti tikuwachotsa pamsewu wa Napoloyo.

Mayi a Yamikani: Malo aja a amayi aakulu cha ku Migowi adakalipo? Paja ndi pokwererapo, si dambo.

Malume ku Joni: Alipo, ndi a mbumba. Ndiwaimbira amfumu usiku uno. Koma nyumba siingathe mvula isanagwe, tisanamizane.

Bambo a Yamikani: Zipinda ziwiri zitheka ngati njerwa zilipo. Malata tizula pa nyumba yakaleyo, ndi abwinobwino. Ndipatseni masabata asanu ndi anyamata awiri.

Mavuto: Njerwa ndinaumba 4,000, zili pa uvuni.

Tadala: Unakumba kuti dothi lake?

Mavuto: Kuseri kwa khola, m'munsi mwa chitunda.

Tadala: Mayo ine. Achimwene, kukumba m'munsi mwa chitunda kuli ngati kuchotsa fuwa limodzi poto ali pamoto. Dothi la pansilo ndi lomwe limachirikiza la pamwamba. Usakumbenso pamenepo chonde, ndipo dzenjelo likwiriridwe lisasunge madzi.

Mavuto: Sindimadziwa. Ndikwirira mawa.

Mayi a Tadala: Ine nditenga amayi abwere ku Lilongwe kuyambira Disembala mpaka nyumba ithe. Ndiwauza kuti akufunika kukaonetsa maso kuchipatala, zomwenso ndi zoona.

Mayi a Yamikani: Akakhala sabata imodzi ayamba kulira nkhuku zawo, muona 😂

Malume ku Joni: Nkhuku zipite nawo. Koma Mavuto ndi banja lake atsala pomwepo, ndi ana awiri. Nanga iwo?

Tadala: Nyumba ya Mavuto ili chapambali, kunja kwa khwawa, koma asagone tulo. Mavuto, khoma zikhomo ziwiri, china kumtunda kwa mng'alu china kumunsi, umange chingwe chokoka bwino. Uziyeza ndi tepi Lamlungu lililonse, mvula ikayamba tsiku lililonse, uzitumiza pano. Mng'aluwo utseke ndi dothi la makande, upondeponde. Kumtunda kwake ukumbe ngalande yosaya yopatutsa madzi, ipite kumbali, isalunjike kwa aneba.

Mavuto: Nanga udzu wa vetiva uja a zaulimi anatipatsa?

Tadala: Dzala m'mizere yopingasa, pa akalozera. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, imagwira dothi la pamwamba. Nsungwi m'mbali mwa khwawa, mitengo yachilengedwe kumtunda komwe anthu a makala anameta. Koma ndinene mosabisa, zimenezo nzothandiza zaka zikubwerazo, ndiponso pa dothi losaya. Zogumuka zozama zimanyamula ndi mitengo yomwe. Chaka chino chokupulumutsa ndi miyendo.

Mayi a Yamikani: Ndipo usadikire kuona. Ife amene tinatsala ndi amene tinachoka usiku. Mvula ikagwa usana ndi usiku osakata, a zanyengo akachenjeza pa wailesi, tenga ana ukagone kusukulu. Anthu akuseke, zilibe kanthu.

Tadala: Madzi a m'khwawa akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena akaphwa pamene mvula ikugwabe, ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kuphulika. Ukamva mitengo ikuthyoka kapena mkokomo, thawira m'mbali, chokwera. Osathawira kumunsi motsata khwawa, sungapikisane nalo.

Malume ku Joni: Mavuto, ukawaonetse zithunzizo amfumu ndi a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi, iwo akauze a ku khonsolo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozizi. Pansi pa khwawa lija pali nyumba zisanu ndi imodzi, si ya amayi yokha. Ugule wezulo ndi tochi, ndalama ndiikamo.

Mayi a Tadala: Zopereka: achimwene simenti, ine matabwa ndi misomali, a ku Chilobwe ntchito ya manja, Tadala thiransipoti ya njerwa. Zonse pa Airtel Money ya Mavuto pofika pa 30, malisiti azijambulidwa pano.

Tadala: Amayi, ine mwandiika thiransipoti osandifunsa 😩

Mayi a Tadala: Walankhula kwambiri lero, lipira.

Malume ku Joni: Chatsala nchimodzi. Akawauze amayi ndani?

Mayi a Yamikani: Mwini mbumba ndinu achimwene.

Malume ku Joni: Ine pafoni amangondidula. Achemwali a ku Chilobwe, pitani Loweruka, inu akumverani chifukwa munaziona. Ya basi ndikutumizirani.

Mayi a Yamikani: Ndipita. Mavuto, usawauze kuti ndikubwerera chiyani. Ndipo kalendala ija uisiye pomwepo, ndikaichotsa ndekha iwo akuona.