Madigadi ndi keliyala: kodi mphira ndi waya n'zokwanira?

Wa ku Area 25:
Abale anga, ndinagula njinga ya kaunjika yomwe ndimapita nayo kuntchito ku Kanengo tsiku ndi tsiku. Mvula ikayamba ndimafika msana wonse uli matope, choncho ndagula madigadi, koma foloko yakutsogolo ilibe timabowo tolowetsa mabawuti. Pakadali pano ndamanga ndi waya ndi mphira wa chubu chakale. Kodi zimenezi zingandifikitse mpaka mu Epulo? Ndikufunanso kuika keliyala yonyamulira thumba la ufa.

Wokonza njinga ku Mchesi:
Achimwene, waya wakutsogoloyo muchotse lero lomwe. Madigadi yakumbuyo ikamasuka imangokhula tayala n'kumasokosa, koma yakutsogolo ikakokedwa ndi tayala imapindikira kunsi kwa foloko, gudumu limaima mwadzidzidzi, ndipo munthu amagwa chamutu. Pamsewu wa M1, pomwe mumapanikizana ndi malole opita ku Kanengo, ngozi yotere si yochepa.

Waya amadya penti, pamalopo pamagwira dzimbiri, ndipo m'mabampu amamasuka pang'onopang'ono inu osadziwa. Popeza timabowo palibe, pezani tizitsulo topindika tokumbatira mwendo wa foloko, muyale kachidutswa ka mphira mkati mwake kuti tisatsetsereke, kenaka mumange ndi bawuti ya mamilimita 5, wasala ndi nati, pogwiritsa ntchito sipanala ya 8. Pamwamba pa foloko nthawi zambiri pamakhala bowo limodzi pakati, ndipo bawuti ya pamenepo ndi imene imasenza madigadi yonse. Musiyenso mpata wolowa chala pakati pa tayala ndi madigadi, chifukwa dothi lofiira la kuno limamatirira n'kutseka gudumu.

Wakabaza wa ku Likuni:
Amisiri anena zoona, komabe mphira tisaunyoze, pakuti ndi umene timamangira katundu, tochi ndi pampu, ndipo sulira m'mabampu. Vuto lake ndi lakuti umafumbutuka ndi dzuwa. Koma keliyala yokha ayi, bambo. Thumba la makilogalamu 50 limafuna miyendo yachitsulo yomangidwa pa ekiselo kapena pa fulemu ndi mabawuti. Ine ndinamangapo ndi waya, ndipo tsiku lina inapendekera m'masipoko n'kuthyola anayi ndili ndi kasitomala.

Wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Waya uja ndachotsa, ndipo Loweruka ndikafunafuna tizitsuloto mumsika waukulu wa m'tauni. Kodi ndikapanda kutipeza, wowotcherera angandisulire kuchokera ku lata lokhuthala?

Wokonza njinga ku Mchesi:
Angathe ndithu, koma musamulole kuwotcherera pa foloko penipenipo, makamaka ngati ndi ya aluminiyamu, chifukwa moto umafooketsa chitsulocho.