Yankho la funso lija la nthanga za thonje ndi mafuta a ng'ombe

Paja ndinafunsa chifukwa chimene mafuta a ng'ombe zathu kuno ku Ngabu amagwirirana gwa msuzi ukazizira, chonsecho zimadya nthanga za thonje zomwe mafuta ake ndi amadzimadzi. Mlangizi wa ziweto wandilongosolera, ndiye ndati nanunso mumve, abale.

Nkhani yagona m'chifu choyamba, chachikulu chija. Mabakiteriya a m'menemo amayamba aphwanya mafutawo, kenako amawaphatikiza ndi hayidrojeni pang'onopang'ono, chifukwa mafuta amadzimadzi amawapweteka. Mmodzi wodziwika mwa mabakiteriyawa ndi Butyrivibrio fibrisolvens. Motero linoleic acid, mtundu wa mafuta amadzimadzi a m'nthanga, amasanduka mtundu wina wotchedwa vaccenic acid, pomaliza n'kukhala stearic acid, yemwe ndi wouma. Nkhumba ilibe chifu chotere, n'chifukwa chake mafuta ake amatsata zimene yadya.

Chomwe chandikhudza kwambiri n'chakuti mafuta akapitirira magawo 6 kapena 7 pa 100 a chakudya chonse, osawerengera madzi ake, tizilombo togaya udzu timafooka. M'chilimwe, msipu utauma ndi kutentha kwa kuno, ng'ombe imalephera kupindula ndi mapesi omwe ikudalira. Chonde musamathire nthanga mosayeza. Ana a ng'ombe omwe sanayambe kubzikula musawapatse n'komwe, m'nthangazi muli poizoni wotchedwa gossypol.