Za maphunziro a Fomu 3 a mtsikana wanga uja

Abale, paja ndinafunsa kuti mwana wanga, amene akulowa Fomu 3 kuno ku Chilomoni, asankhe maphunziro ati poti mtima wake uli pawiri, uloya ndi bizinesi. Zathera motere.

Aphunzitsi ake anatiuza mosapsatira kuti nkhani yagona pa Chingerezi ndi Masamu. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chikhalepo, ndipo ku MUBAS pa Chichiri pompa, za bizinesi ndi akaunti sungazinunkhe opanda kirediti ya Masamu. Apa ndiye pali ntchito, chifukwa mwanayu akangomva za Masamu nkhope imagwa. Tamupezera womuthandiza Loweruka lililonse.

Za uloya zinandidabwitsa. Ku UNIMA ku Zomba salowa molunjika kuchokera ku Fomu 4: umayamba kaye kosi ina, ukakhoza bwino chaka choyamba m'pamene umafunsira malo. Choncho watenga History, poti imazoloweretsa kulemba mfundo zomveka, ndi Business Studies. Additional Mathematics ndayikana ndine, kumeneko n'kukadzitolera 9 waulere. Amalume ake akuumirirabe kuti asataye Physics, koma mwini wake wakanitsitsa.