Cochlear implant kwa mwana: khutu limodzi kapena onse awiri?

Mayi wa ku Chipoka: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wa miyezi 18 amene wagontha makutu onse atadwala matenda oumitsa khosi, kumuika cochlear implant (makina othandiza kumva oikidwa m'khutu mwa opaleshoni) khutu limodzi sikukwana? Lachiwirilo liwonjezera chiyani, poti ndalama zake si zamasewera?

Bambo wa ku Senga Bay: Mayi, limodzi limakwana kuti aphunzire kulankhula, makamaka m'nyumba muli zii. Vuto ndi panja. Ubongo umadziwa kumene mawu achokera poyerekeza makutu awiri: lamva msanga ndi liti, lamva mokweza ndi liti. Mwana wa khutu limodzi, kabaza akaliza belu kumbuyo, amangocheukacheuka osadziwa kolowera. M'kalasi yodzaza, mawu a aphunzitsi amamira m'phokoso, ndipo akamaweruka amakhala atatopa ndi kutchera khutu. Komanso makina amodzi akafa, mwana wa makina awiri sakhala mu chete kudikira kukonza.

Namwino wa pa boma: Pa mwana uyu nkhani yaikulu ndi nthawi. Matenda oumitsa khosi amatha kumeretsa fupa mkati mwa kankhono ka m'khutu, nthawi zina m'masabata ochepa chabe. Fupa likatseka njira, kawaya ka makinawa kokhala ndi ma electrode (tizitsulo totumiza mawu ku mtsempha womvera) 12 mpaka 22, malinga ndi kampani, sikalowa mpaka kumapeto, ndiye mwana amamva moperewera. N'chifukwa chake madokotala amakonda kuika makutu onse pa opaleshoni imodzi kwa ana otere. Musati "lachiwiri tidzaona akakula".

Yambani ndi kuyezetsa kwa ABR, koona ngati mawu akufika ku ubongo, kenako kujambula mkati mwa khutu ndi CT kapena MRI. Funsani ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre. Onaninso m'buku la kusikelo ngati katemera wa chibayo anamaliza, ndipo ngati khutu likutuluka mafinya lichizidwe kaye.

Mphunzitsi wa ana osamva: Ndiwonjezere zimene anthu amaiwala. Makina amayatsidwa pakatha masabata awiri mpaka anayi kuchokera pa opaleshoni, chilonda chitapola, ndipo mwana sayamba kulankhula tsiku lomwelo ayi. Chaka choyamba mudzapita kangapo kokachunitsa makina. Akaikidwa mosiyana nthawi, patadutsa zaka, ubongo umakhala utazolowera khutu loyamba, mwana n'kumavula latsopanolo. Apo amafunika nthawi yovala latsopano lokha tsiku lililonse, monga angakuuzireni audiologist, katswiri wa za kumva.

Kuno kunyanja mdani ndi thukuta ndi chinyezi. Usiku makina agone m'kabokosi koumitsira, ndipo mwana asalowe nawo m'madzi popanda chovindikira chake. Mabatire a 675 amatha m'masiku awiri kapena atatu, ndiye werengerani pawiri. M'mawa uliwonse imani kumbuyo kwake, khutu limodzi panthawi, nenani mm, uu, aa, ii, sh, ss. Akaphonya ss, yang'anani kaye chingwe ndi maikolofoni. Khungu la pa maginito yogwirira makina kumutu likafiira, maginitoyo yalimba kwambiri, kasinthitseni chisanabuke chilonda.